Za Kutsidya kwa Nyanja: Kodi Mphotho ya Emmy Idzagwera Yani?



Mwezi uno tifuna kukamba za mwambo wina wa ku America, umene mbiri yake yafika ndi kumidzi komwe chifukwa cha kanema ndi matelefoni a m'manja. Chaka ndi chaka, kawirikawiri m'mwezi wa Seputembala, anthu opanga masewero a pa kanema amasonkhana mu mzinda wa Los Angeles, napereka mphotho kwa anzawo amene apambana pa ntchitoyo. Mphothoyo dzina lake ndi Emmy. Tsono tsikulo lisanafike, olemba nyuzi a kumeneko amatha masabata ambiri akulosera amene adzalandira, makamaka pa mphotho ziwiri zazikulu: ya sewero la nkhani zozama, limene eni ake alitcha drama, ndi ya sewero lanthabwala, limene alitcha comedy. Achinyamata athu oonera masewerowa amamva mikangano imeneyi, ndipo alipo makampani a juga amene amalandira ndalama za obetcha pa zomwezi. Chifukwa chake nkwabwino kuti makolo adziwe m'mene kuloseraku kumayendera, pamene kumalondola ndi pamene kumaphonya, ndiponso chimene mphothoyo iyesa ndi chimene siiyesa konse.

Chiyambi chake ndi kasankhidwe kake

Mphotho zoyamba zinaperekedwa pa 25 Januwale 1949, m'nyumba yotchedwa Hollywood Athletic Club, pa nthawi imene kanema anali chinthu chachilendo ngakhale ku America komweko. Woyamba kuitanidwa kutsogolo anali mtsikana, Shirley Dinsdale, amene luso lake linali kulankhulitsa chidole iye mwini osagwedeza milomo. Wopambana amalandira kachifanizo kokutidwa ndi golide, ka mkazi wamapiko atanyamula chinthu chobulungira m'manja mwake. Anakajambula ndi Louis McManus, natengera maonekedwe a mkazi wake. Eni mwambowu ndi bungwe la Television Academy, limene anthu ake apitirira 20,000: ochita masewero, alembi, otsogolera, ojambula, osoka zovala, okonza nyimbo ndi ena otere.

Kasankhidwe kake nkotere. Sewero liyenera kukhala litaonetsedwa pakati pa 1 Juni ndi 31 Meyi wa chaka chotsatira. Mu Juni a m'bungwe aponya voti yoyamba, ndipo mu Julayi utuluka mndandanda wa osankhidwa. Chiyambire 2020, pa mphotho ziwiri zazikuluzo amaikapo masewero 8 pa iliyonse. Mu Ogasiti aponyanso voti yachiwiri, ndiyo yomaliza. Pa mphotho ya sewero lathunthu avota onse, koma pa ya wochita sewero avota ochita masewero anzake, ndi pa ya mlembi avota alembi anzake. Mavoti awerengedwa ndi akatswiri a kampani ya Ernst & Young, nasunga chinsinsi kufikira envulopu itang'ambidwa pamaso pa anthu. Pamene mwambowo uchitika madzulo ku Los Angeles, kuno kwathu kumakhala kukali usiku, tambala woyamba asanalire.

Kulosera si kuombeza

Wina angafunse kuti: kodi Mkhristu aloledwa kulosera za m'tsogolo? Tiyankha kuti pali kusiyana kwakukulu pakati pa kuombeza ndi kuwerenga zizindikiro. Amene apita kwa woombeza ula kuti amuululire zobisika achimwira lamulo loyamba la Mulungu. Koma mlimi amene aona mitambo ikuda ndi mphepo itatembenuka, nanena kuti mvula ili pafupi, sachimwa ayi, angogwiritsa nzeru zimene Mlengi anampatsa. Olosera za Emmy ali ngati mlimi uja. Sadziwa zimene zili m'envulopu, angoyang'ana mkhalidwe wa ovota pa zaka zapitazo. Zizindikiro zimene amadalira koposa zilipo zinayi.

Choyamba ndi chizolowezi. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo ovota a Emmy akakonda sewero amabwerera komweko chaka ndi chaka. Pa masewero anthabwala, Frasier linapambana zaka 5 zotsatana, kuyambira 1994 kufikira 1998, ndipo Modern Family linachita chimodzimodzi kuyambira 2010 kufikira 2014. Pa masewero ozama, The West Wing linatenga mphotho kanayi, 2000 kufikira 2003, ndi Mad Men kanayinso, 2008 kufikira 2011. Mayi wina, Julia Louis-Dreyfus, analandira mphotho ya wochita sewero lanthabwala zaka 6 zotsatana, 2012 kufikira 2017, chifukwa cha sewero la Veep. Munthu wolosera m'zaka zimenezo akadangotchula wopambana wa chaka chatha, akadalondola kawirikawiri osatuluka thukuta.

Chachiwiri ndi kutsazikana. Sewero likafika chaka chake chomaliza, ovota amagwidwa ndi chisoni chonga cha anthu operekeza mlendo, nafuna kumnyamulitsa kamba. Motero The Sopranos linapambana mu 2007, Breaking Bad mu 2014, ndi Game of Thrones mu 2019, ngakhale oonera ambiri anadandaula kuti mathero a lomalizali sanakome. Sewero la ku Canada, Schitt's Creek, lonena za banja lolemera limene chuma chinawathera nakakhala m'katauni kakang'ono, linali lisanalandirepo Emmy ndi kamodzi komwe, koma m'chaka chake chomaliza, 2020, nthawi ya mliri wa Covid-19, linasesa mphotho zonse 7 zazikulu za masewero anthabwala.

Chachitatu ndi kuwerenga maina pa mndandanda wa Julayi. Sewero limene latchulidwa m'magulu ambiri, la ochita, la alembi, la ojambula ndi la osoka, ndiye kuti lili ndi abwenzi ambiri m'bungwemo. Ndiponso patatsala sabata imodzi kuti mwambo waukulu uchitike, amayamba apereka mphotho za amisiri a kuseri, ndipo olosera amapenyetsetsa kumene mphepo ikulowera. Mu 2024 sewero la Shōgun linatchulidwa ka 25, nilitenga mphotho 14 pa mwambo wa amisiriwo, kotero kuti pofika tsiku lalikulu panalibe wokayika. Linatsiriza ndi mphotho 18, zimene sizinachitikepo kale pa chaka chimodzi cha sewero, nilikhala loyamba kupambana mphotho ya drama lili lolankhulidwa makamaka m'chinenero china, ndicho Chijapani. Nkhani yake ndi ya ku Japan cha m'ma 1600, ndipo muli ansembe a Chijezuiti ndi mayi wolemekezeka wolowa Chikhristu, amene Anna Sawai anamsewera nalandira naye mphotho.

Chachinayi ndi ndalama ndi chibale. Makampani opanga masewero amawononga chuma chambiri kukopa ovota: aimika zikwangwani m'misewu ya Los Angeles, agula masamba m'nyuzi za ntchitoyo monga Variety ndi The Hollywood Reporter, naitanira ovota ku maphwando kumene akacheza ndi ochita masewero. Sewero la kampani yosauka, lingakhale labwino, livutika kuti limveke pakati pa ng'oma zotere. Komanso ovota ndi anthu a ntchito imodzi, ndipo amakonda nkhani zonena za iwo eni. Mu 2025 mphotho ya nthabwala inagwera The Studio, sewero la Seth Rogen lonena za mkulu wa kampani yopanga mafilimu ku Hollywood komweko, nilitenga mphotho 13, kuposa sewero lililonse lanthabwala pa chaka chimodzi.

Pamene zizindikiro zinanama

Koma taonani, mitambo ina imada osagwetsa mvula. Mu 2019 ambiri anati Julia Louis-Dreyfus atenganso mphotho, pakuti chizolowezi ndi kutsazikana zonse zinali mbali yake, Veep likutha chaka chomwecho. Envulopu itang'ambidwa, munatuluka dzina la Phoebe Waller-Bridge wa ku England, ndipo sewero lake la Fleabag linatenganso mphotho ya sewero lanthabwala.

Mu Seputembala 2024 olosera anadabwanso. Sewero la The Bear, lonena za mnyamata wophika amene abwerera ku Chicago kukayendetsa malo odyera a malemu mkulu wake, linali litapambana pa mwambo wapitawo, umene unachedwa kufikira 15 Januwale 2024 chifukwa cha sitalaka ya alembi ndi ochita masewero mu 2023. Linatchulidwa ka 23, ndipo linatengadi mphotho 11. Koma mphotho yaikulu inapita kwa Hacks, nkhani ya mayi wachikulire woseketsa anthu ku Las Vegas ndi mtsikana womlembera nthabwala. Chinachitika nchiyani? Kwa miyezi yambiri anthu anali kung'ung'udza kuti The Bear ndi nkhani ya maliro, ngongole ndi kukalipirana m'khitchini, ndipo sayenera kulitcha sewero lanthabwala pamene munthu aonera osaseka. Kung'ung'udzako sikunalembedwe pa mndandanda uliwonse, koma zioneka kuti kunalowa m'mitima ya ovota.

Pa 14 Seputembala 2025 chizindikiro chachitatu chinagwanso. Severance, sewero la antchito amene akawadula chikumbumtima cha zochitika kuti ali ku ntchito asakumbuke za kunyumba, linatchulidwa ka 27, kuposa ena onse. The Pitt linatchulidwa ka 13 kokha. Koma The Pitt ndilo linapambana, nkhani ya madokotala ndi anamwino a chipatala cha ku Pittsburgh, yokhala ndi zigawo 15, chigawo chilichonse ola limodzi la tsiku limodzi la ntchito. Noah Wyle, amene anasewera dokotala wamkulu, analandiranso mphotho yake. Apa mwambi uja unapherezera, wakuti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, pakuti chimenecho chinali chaka choyamba cha seweroli.

Chifukwa chimodzi cha kusinthaku nchodziwika. Kale voti yomaliza inali m'manja mwa timagulu tating'ono ta anthu odzipereka kuonera zonse. Mu 2015 bungwe linatsegula khomo kuti unyinji wa a m'bungwe uzivota. Chaka chomwecho Game of Thrones linapambana koyamba, ndipo Veep linathetsa ufumu wa Modern Family. Anthu zikwizikwi otanganidwa sangathe kuonera masewero onse a pa mndandanda. Amavotera limene analitsiriza ndi limene anzawo akulikamba m'mwezi wa Ogasiti.

Tsono ife tilosera bwanji?

Mukatifunsa maganizo athu pa miyambo ikudzayi, tinena motere. Pa drama, musathamangire sewero lotchulidwa kambirimbiri, koma funsani limene anthu a ntchitoyo analionera kufikira mapeto ali ndi misozi m'maso. Wopambana wa chaka chatha akabwera osafooka, mpatseni malo oyamba, koma pakabuka mlendo amene dziko lonse likumkamba, dziwani kuti khwawa lakale likhoza kuuma, monga mwa 2024 ndi 2025 pamene Shōgun ndi The Pitt anapambana ali atsopano. Pa nthabwala, sankhani limene liseketsadi, makamaka ngati linena za moyo wa opanga masewero eni ake. Pa ochita masewero chizolowezi chikali champhamvu: mayi Jean Smart wa mu Hacks analandira mphotho mu 2021, 2022, 2024 ndi 2025, ndipo dzina lotere likaoneka pa mndandanda, wolitsutsa akhale ndi chifukwa chomveka. Munthu wotsata malangizowa adzalondola kawirikawiri, koma osati masiku onse, pakuti mitima ya anthu zikwi makumi awiri siiyesedwa pa sikelo.

Chimene mphothoyo siiyesa

Apa mpamene pali nkhani yokhudza nyumba zanu. Choyamba, mphothoyi siitha ngakhale kuyesa luso lonse molungama. Better Call Saul, sewero limene akatswiri ambiri analitama, linatchulidwa ka 53 m'zaka zake zonse, osalandira ndi imodzi yomwe. Mayi Angela Lansbury anatchulidwa ka 18, namwalira mu 2022 wosaigwira. The Wire, limene lero ambiri aliwerengera pakati pa masewero oposa onse, silinatchulidwe konse pa mphotho ya drama. Ngati oweruza aphonya chotere pa ntchito yawo yomwe, nanga tingawapatse bwanji udindo wotisankhira za ana athu?

Chachiwiri, ndipo ichi nchachikulu, ovota afunsa funso limodzi lokha: kodi ntchitoyi yapangidwa mwaluso? Safunsa ngati iyenera mwana wa zaka 10, kapena ngati ilemekeza ukwati, moyo wa munthu ndi dzina la Mulungu. Game of Thrones linasonkhanitsa mphotho 59, koma lili ndi zamaliseche ndi kukhetsa mwazi zimene kholo lililonse lingachite nazo manyazi pamaso pa ana. Succession, limene linapambana katatu, pa miyambo ya 2020, 2022 ndi Januwale 2024, lionetsa ana a mpondamatiki akulimbirana kampani ya atate awo. Munthu wamkulu akhoza kutolamo phunziro la kuipa kwa umbombo, monga tiona pa milandu ya chuma cha masiye, koma chilankhulo chake nchotukwana kuyambira pachiyambi kufikira pamapeto. The Pitt lilemekeza ntchito ya chifundo ya osamala odwala, komabe lionetsa mabala ndi imfa poyera, kotero si la ana. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Mwana akadza nati, "Bambo, ili linapambana mphotho," musayese kuti mawuwo atha mlandu. Woweruza wa m'nyumba mwanu ndinu, atate ndi amayi, ndipo mudzayankha kwa Mulungu za zimene zinalowa m'maso mwa ana anu.

Chachitatu ndi cha juga. Katekisimu wa Eklezia Katolika aphunzitsa kuti masewera obetcha pa okha si tchimo, koma asanduka oipa pamene alanda munthu zofunika pa moyo wake ndi wa banja lake, ndi kuti chilakolako chake chikhoza kumanga munthu ukapolo. Mwaona kale kuti akatswiri okhala ku Los Angeles komweko, odziwana ndi ovota, anaphonya mu 2019 ndi mu 2024. Nanga mnyamata wa kumudzi, wongomva mphekesera pa telefoni, adzawaposa bwanji? Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Ndalama ya feteleza kapena ya sukulu isaikidwe pa envulopu yosatsegula. Mukafuna kupikisana polosera, chitani mwa macheza, wophonya akatunge madzi kapena akawaze nkhuni, basi.

Episkopi amene anasokoneza olosera

Tisatsirize osatchula wopambana mmodzi wa kwathu mu Eklezia. Mu 1952 Ambuye Episkopi Fulton Sheen, wothandiza mu Arkidayosizi ya New York, anayamba kuphunzitsa pa kanema m'pologalamu yotchedwa Life Is Worth Living. Anampatsa nthawi imene ena anaiopa, Lachiwiri madzulo, pamene Milton Berle, woseketsa wotchuka wa masiku amenewo, anali kukoka anthu onse ku nyumba ina ya kanema. Episkopiyo analibe oyimba kapena ovina, anali ndi bolodi ndi choko basi, nalankhula za Mulungu, banja ndi mavuto a dziko wosawerenga papepala. Anthu mamiliyoni anatembenukira kwa iye, ndipo mu Febuluwale 1953 analandira Emmy ya munthu wopambana onse pa kanema, naposa anthu omveka monga Lucille Ball ndi Edward R. Murrow. Polandira anathokoza alembi ake anayi, ndiwo Mateyo, Marko, Luka ndi Yohane. Iye yemweyo anatsogolera ku America bungwe la Papa losonkhanitsa thandizo la mamishoni kuyambira 1950 kufikira 1966, ndipo mu 2012 Papa Benedikito XVI anavomereza kuti anakhala moyo wa makhalidwe oyera opambana.

Nkhani yake itiphunzitsa kuti kanema si mdani wa chikhulupiriro. Ali ngati mpeni, umene mayi asendera mbatata ndipo wakuba aopsera nawo anthu. Nchifukwa chake Papa Pio XII mu 1958 anasankha Klara Woyera wa ku Assisi kukhala nkhoswe ya kanema, pokumbukira mbiri yakuti ali chigonere ndi matenda anaona ndi kumva Misa ya Khirisimasi yochitikira kutali.

Tsono, abale, nyengo ya mphothozi ikafika, chitani izi. Funsani ana anu sewero limene akulikonda, ndipo akufotokozereni nkhani yake. Khalani nawo pansi muonere limodzi chigawo chimodzi musanalole kapena kuletsa, pakuti safunsa anadya phula. Yamikirani pamodzi zimene zili zokoma, monga kulimba mtima kwa anamwino kapena kukhululukirana kwa pabanja, ndipo zoipa muzitchule dzina lake mosaopa. Nthawi ya Korona ndi ya chakudya chamadzulo telefoni ikhale pambali. Kuongola mtengo mpoyamba, ukali waung'ono.

Klara Woyera atipempherere, ndipo Amayi Maria asunge mabanja anu. Mwezi wamawa, Mulungu akalola, tidzachezanso pa tsamba lomweli.